Msomali Womaliza pa Khoma la Apongozi

Ine ndili ndi manja aatali. Musaseke, nkhani yonse yayambira pamenepo. Munthu wa manja aatali m'banja sasowa ntchito: kutsitsa masutikesi pamwamba pa kabati, kusintha babu likapsa, ndiponso kujambula anthu. Chilowereni m'banja la kwa akazi anga, pakakhala ukwati, pakabadwa mwana, kaya tangokumana kudzacheza, foni imathera m'manja mwanga. "Apatseni awo, amatha." Inenso pomva kuti ndimatha, mutu unakula. Ndinkawaimika anthu pamzere, aafupi kutsogolo aatali kumbuyo, uku ndikukalipa kuti tasunthani pang'ono, tasunthaninso, mpaka ana a m'banjamo anandipatsa dzina lakuti ankolo a Tasunthani. Dzinali linafika ndi kuntchito komwe, kumene ndimayendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo. Amene anapita nalo kumeneko sindinamugwire mpaka lero.

Tsono apongozi anga aakazi ali ndi khoma. Nyumba iliyonse ili ndi makoma, ndikudziwa, koma lawo lija la pabalaza, loyang'anizana ndi chitseko, ndi nkhani ina. Pamenepo ndi pamene pali banja lonse. Pali malemu apongozi aamuna atavala chipewa chopendekeka. Pali akazi anga ali kamtsikana kogweluka mano akutsogolo. Pali alamu anga, zidzukulu zonse, ndi galu wawo amene anafa kalekale, lilime lili panja. Mkamwini mnzanga, amene anakwatira mng'ono wa akazi anga, alipo kawiri. Ameneyo timamutcha Tayi, chifukwa amamanga tayi ngakhale popita kukametetsa.

Ine palibe. Zithunzi zambiri za pakhomapo ndinajambula ndine, koma mwini wakene palibe. Cha ukwati wathu musachifunse: wojambula wake anatsegula kamera padzuwa, filimu yonse inapsa, tinangotsala ndi ukwatiwo.

Ndinene mosabisa, zinkandiwawa. Alendo akabwera, apongozi amawayendetsa pakhomapo chithunzi ndi chithunzi, uyu ndi uje mwana wa uje. Akafika kumapeto, mlendo amatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti nanga awa? "Awa ndi apongozi anga, ndi amene amatijambula." Basi. Ngati kuti anandilemba ganyu. Mayiwo sanandilankhulepo moipa ngakhale tsiku limodzi. Amandipatsa tiyi, amandifunsa za msewu, koma mawu awo ndi ochepa, ndiye mumtima ndinangomaliza kuti sandiwerengera.

Ndikadandaula kunyumba, akazi anga ankangondiseka.

"Inu bambo, munthu wamkulu, kuwonda ndi khoma?"

"Galu alipo pakhomapo. Galu."

"Galuyo akauzidwa kuti ima, ankaima."

Mwayi unabwera tsiku limene mwana wathu woyamba anamaliza maphunziro a unamwino. Timamutcha Nesi kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ankamanga mphaka mabandeji a nsanza. Titatuluka muholo, banja lonse litatchena, ine ndinatambasula dzanja kuti andipatse foni monga mwa masiku onse. Nesi anaibisa kumbuyo.

"Lero adadi simugwira foni. Kaimeni apo."

Foni yake yatsopanoyo anaipereka kwa mayi wina wa chipewa chachikulu, kholo la mnzake wa m'kalasi. Ndinakaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi apongozi, Tayi ali kumapeto kwinako. Ndinayesetsa ndithu kukhala munthu wabwino. Koma abale, mayi uja anagwira foni mopendeketsa, chala chili pafupi ndi diso la kamera. Mtima unakana. Ndinaponya mwendo kuti ndikamuonetse kagwiridwe kake, wina n'kundikoka jekete kumbuyo. Ndinadziwa kuti ndi akazi anga, ntchito yawo ndi imeneyo. Pamene ndinkatembenuka, mayi wa chipewa anali atabweza kale foni, akuthamangira mwana wake. Anajambula chimodzi chokha. Nesi anandionetsa mwachangu padzuwa, sindinaone bwino, ndinangoona kuti kumapeto kuli munthu wamtali. Ndinati zakwana.

Patapita nthawi apongozi anaganiza zopenta pabalaza. Wopenta mukumudziwa kale. Nditamaliza, ndinabwezera zithunzi zonse m'malo mwake, iwo akundilozera ndi ndodo ya tsache. Kumapeto, pafupi ndi zenera, kunatsala msomali umodzi wopanda kanthu. Apongozi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi felemu yatsopano, ikadali m'pepala lake.

"Khoma ladzaza," anatero. "Msomali uwu ndi womaliza. Nesi andibweretsere cha tsiku lake lija."

Mumtima ndinati msomali umenewu ndi wanga. Koma alamu anga, akazi a Tayi, anali pomwepo akusenda lalanje.

"Chikavuta mutiuze, amayi. Ife tili nacho chotsukitsa kale, cha bambo a kwathu ataima pagalimoto yatsopano ija."

"Chimene chiyambe kufika," anatero apongozi, n'kupita kukhitchini.

Mwamva? Galimoto ilowe m'banja ine ndisanalowe. Madzulo omwewo ndinamuuza Nesi kuti andiikire chithunzicho mufulashi, ndipo m'mawa mwake ndinaiika m'thumba la malaya n'kumanga batani.

Situdiyo imene ndimaidziwa ili pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya nsapato. Ndi kachipinda kopapatiza. Kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa mathithi, pambali mpando wa maluwa apulasitiki, pakona makina otsukira zithunzi, aakulu ngati filiji, akulira pansipansi. Mwini wake ndi mayi wa magalasi a chingwe, wosachedwa kuseka. Ndinaimika galimoto ya buledi pakhomo pake n'kulowa ngati bwana.

Analowetsa fulashi mukompyuta. Pamene pankayenera kuoneka nkhope zathu panangooneka kapepala koyera. Anadina, kompyuta inakana. Anadinanso, inakananso.

"Ichi makina anga sachidziwa, bambo. Taonani kumapeto kwa dzina lake."

Ndinawerama. Panali zilembo zinayi, HEIC.

"Ndiye kuti chiyani?"

"Mafoni atsopanowa amasunga zithunzi mwa njira yawoyawo, kuti zisamadye malo. Makina angawa ndi akale, amadziwa JPG basi. Kompyuta imene ndimasinthira ili kokonzetsa. Kachisintheni chikhale JPG, mubwere nacho, ndikutsukirani muli chiimire."

"Chithunzi si chithunzi basi?"

"Nanunso buledi si buledi basi? Bwanji wina amakana kulowa m'chikwama?"

Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Kuntchito ndinafotokozera makaniko wathu, munthu amene sanayambe wanenapo kuti sindikudziwa. Anali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka.

"Vuto lili pa dzina?" anafunsa ali pansi pomwepo. "Ndiye sinthani dzinalo. Nanga mukuvutikiranji?"

Zinandimvekera zanzeru. Tinabwereka kompyuta ya kalaliki iye atapita kokadya, tinafufuta HEIC n'kulemba JPG. Kompyuta inatulutsa chenjezo lalitali, makaniko anati zimenezo ndi zoopseza ana, dinani inde. Anasiya chala cha girisi pa kiyibodi, koma ntchito tinaigwira. Ndinabwerera kusitudiyo ndikuimba mluzu.

Mayi uja anayesa, kapepala koyera kaja kanali pompo. Anayang'anitsitsa, kenako anavula magalasi n'kuyamba kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Mwangosintha dzina, eti?"

"Munati chikhale JPG. Si icho chalembedwa JPG?"

"Bambo, mukalemba kuti shuga pachitini cha mchere, tiyi atsekemera?"

Ndinakwiya. Ndinamuuza kuti makina ake ndi a m'nthawi ya makolo, kuti akawataye, kuti situdiyo zilipo zambiri m'tauni muno. Iye anati n'zoona zilipo, ndipo zambiri zili ndi makina ngati omwewa. Ndinatuluka, ndinakhala m'galimoto pang'ono, kenako ndinabwerera ndi mabanzi otentha kukapepesa. Ine mkwiyo wanga suchedwa kuzizira, vuto ndi lakuti suchedwanso kubwera.

Nzeru yachiwiri inali ya akazi anga. Anati Nesi angonditumizira chithunzicho pa uthenga wa pafoni, monga timatumizirana masiku onse. Chinafika, ndipo pa kafoni kanga kosweka galasi chinatseguka bwinobwino. Kusitudiyo nakonso chinatseguka. Ndinayamba kale kumwetulira. Koma mayi uja atachikulitsa kuti chifike pa msinkhu wa felemu, nkhope zonse zinasungunuka. Maso a apongozi anasanduka timabokosi. Kumapeto kumene ndinaima ine kunali chinthu chosadziwika bwino, kaya munthu kaya mzati wa holo.

"Pochitumiza chimafinyidwa kuti chiyende msanga," anatero. "Ndingakutsukireni, koma kakhala kakang'ono ngati ka pachiphaso. Chachikulu chifuna chenicheni chija, chosinthidwa bwino."

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba ndili ndwii. Akazi anga anandiyang'ana, anandiikira madzi osamba, kenako ananena zimene ndinkaopa.

"Pitani kwa a Tayi. Ntchito yawo ndi makompyuta omwewo."

"Ndipite kwa mwini galimoto? Munthu amene tikulimbirana naye msomali?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komanso ndamva kuti mng'ono wanga akupita kwa amayi kumapeto a sabata ino, chithunzi chili m'chikwama."

Ndinapita. Ofesi ya Tayi ili m'mwamba, m'nyumba ya magalasi okhaokha. Muli kapeti, muli mphepo yozizira yochokera m'makina, muli duwa m'chitini limene sindinadziwe ngati ndi lenileni. Ine ndinalowa ndi ovolosi yanga ya ufa, ndikununkhira buledi, anthu onse a m'matebulo anadzutsa mitu ngati yakwana nthawi ya tiyi. Tayi anaimirira n'kundikokera mpando.

"Achimwene, mwatiyendera. Kwagwanji?"

Ndinafotokoza zonse, ndi za makaniko zomwe. Ndinkadikira kuti aseke, koma anangogwedeza mutu n'kunena kuti ambiri amatero, ngakhale abwana ake anachitapo. Analowetsa fulashi mulaputopu yake, anabwezera dzina lakale lija, n'kuchitsegula ndi pulogalamu ina.

"Chofunika ndi chakuti kompyuta ichiwerenge chonse," anatero, "kenako ichilembenso mwatsopano m'njira yakale ija imene makina onse amaidziwa. Ndiye tisankha apa, JPG. Apa ikufunsa kuti chikhale chabwino bwanji, tikokera kumapeto kwenikweni. Chinenepa pang'ono, koma chilowa paliponse."

"Basi?"

"Basi. Onani, chatheka."

Masiku onse aja ndikuzungulira tauni, iye anangodina kangapo. Anatembenuzira laputopu kwa ine kuti ndione, chithunzi chitadzaza sikirini yonse. Kanali koyamba kuchiona bwinobwino.

Chinali chokongola, abale. Nesi pakati ndi mkanjo wake, akazi anga atanyamula maluwa, alamu anga, ana, Tayi kumapeto ataima chilili ngati akuimba nyimbo ya fuko. Ndiye kumapeto kwinako kunali ine. Mwendo umodzi uli m'malere, kukamwa kuli yasa, chala chikuloza wojambula, nkhope yonse itapakika chifukwa chosuntha. Sikunali kufinyidwa kwa pafoni ayi. Ndi mmene chinajambulidwira. Ndinadziwononga ndekha.

Tayi anayang'ana kudenga. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Sekani, a Tayi, musadwale nazo."

Anaseka pang'ono, mwaulemu. Ine sindinaseke. Ndinamva chisoni chenicheni. Zaka zonsezi ndinkati andimana malo, pamene tsiku limodzi limene anandipatsa malowo ndinathawapo ndekha.

"Kapachikeni galimoto yanu," ndinatero, ndikuimirira.

"Galimotoyo ndi nkhani ya alamu anu, ine sindikuifuna pakhoma. Takhalani pansi, achimwene. Foni ya Nesi ndi ya mtundu uja watsopano, eti? Mafoni amenewo pojambula amasungako kanthawi pang'ono, munthu asanadine ndi atadina. Mufulashi mwabwera chithunzi chimodzi chokha, koma mufonimo mwina muli zambiri. Tikapeza pamene munaima bwino, titenga pamenepo."

"Mukunena zoona?"

"Sindikulonjeza. Tiyeni tikaone."

Inali nthawi ya chakudya cha masana. Tinakwera galimoto ya buledi, Tayi atakumbatira laputopu, makireti akugubuduka kumbuyo pa bampu iliyonse. Titaima pa getsi lofiira la pamsewu, mayi wina anagogoda pazenera lake kufunsa ngati tikugulitsa umodziumodzi, iye anayankha mwaulemu kuti afunse adalaivala.

Nesi tinamupeza kuchipatala chaching'ono kumene anayamba ntchito. Anatuluka ndi yunifolomu yake yoyera, kawotchi kali pachifuwa, tinakhala pabenchi ya pakhonde pamene odwala amadikirira. Ponseponse pankamveka fungo la mankhwala otsukira pansi.

"Adadi, nkhani ya chithunzi mpaka kunditsata kuntchito?"

"Tsegula foniyo, iwe. Bambo ako aang'ono akuuza chochita."

Anatsegula chithunzi chija. Tayi anamuuza kuti achidinikize ndi chala osachotsa. Nesi anatero, ndipo chithunzicho chinadzuka. Anthu anayamba kuphethira, mkanjo wa Nesi unagwedezeka ndi mphepo, phokoso la pabwalo la holo lija linamveka. Ndinadziona ndekha nditaima mowongoka, kenako ndikuponya mwendo, ndikukuwa kuti mayi tachotsani chala. Kenako dzanja linatuluka pambali n'kugwira jekete yanga.

"Tabwereza," ndinatero.

Anabwereza. Akazi anga anali patali ndi ine, manja onse awiri ali pa maluwa. Dzanja lija linali laling'ono, la makwinya, lovala wotchi yachikale ya lamba wakuda. Wotchi imeneyo ndimaidziwa, batire yake ndimakasinthitsa ndine.

"Ndi agogo," anatero Nesi. "Ndipo akulankhula. Dikirani ndikweze."

Anakweza mawu n'kundiika foni pakhutu. Poyamba ndinangomva kukuwa kwanga komwe. Anabwerezanso. Pansi pa phokoso langalo panali mawu ena aang'ono, achangu, a munthu amene sakufuna kuti ena amve.

"Imani apa, mwana wanga. Ndilibe chanu."

Ndinamuuza Nesi kuti abwereze, anabwereza. Ndinamuuzanso. Anamwino anzake ankadutsa n'kumatiyang'ana, bambo wamkulu wa ovolosi foni ili pakhutu, wina wa tayi akuyang'ana nsapato zake. Chilowereni m'banjamo mayi aja anali asananditchulepo mwana wawo. Ananena tsiku lija, pafupi ndi khutu langa, ine ndili kalikiliki kuphunzitsa munthu kugwira foni. Misozi inabwera, ndinati ndi mankhwala a pansiwa, amandiyabwa m'maso. Palibe amene ananditsutsa.

Tayi anadikira kuti ndipukute kumaso, kenako anatenga foni n'kutsegula pena pake. Pansi pa chithunzi panaoneka kamzere ka tizithunzi ting'onoting'ono totsatizana.

"Apa ndiye musankhe, achimwene. JPG imasunga kamphindi kamodzi kokha. Kuyenda kuja ndi mawu aja zitsala mufoni, papepala sizipita."

Nesi anakokera chala kumayambiriro. Eee, munthu uja ndinali ine? Chifuwa patsogolo, jekete ili bwinobwino, maso otsegula, kumwetulira kwa pakatikati ngati munthu wa pakalendala.

"Ichi, adadi. Apa mwatchena. Amayi akachiona ayambiranso kukufunani."

"Tapititsa kutsogolo."

Anadutsa pamene ndinapakika paja, n'kufika kumapeto. Apa ndinali nditabwezedwa pamzere, koma mopendekeka. Kolala inali itakwera mbali imodzi, kukamwa kusanatsekeke bwino. Nkhope inkaoneka, inde, koma ya munthu wodzidzimuka. Anthu onse ankayang'ana kamera, kupatula apongozi. Iwo ankayang'ana ine, dzanja lili nganganga pa jekete.

"Ichi," ndinatero.

"Adadi, ayi. Mukuoneka ngati akugwirani mukuthawa."

"Ndimathawadi. Ichi chomwechi."

Nesi anayang'ana Tayi kuti amuthandize. Tayi anangotulutsa kachingwe m'chikwama, analumikiza foni ku laputopu ali pabenchi pomwepo, anatenga kamphindi kameneko n'kukasunga ngati JPG, kenako anakaika mufulashi yanga. Ponditambasulira fulashiyo anati ndisalolenso makaniko kuigwira.

Kusitudiyo makina analandira chithunzicho mosavuta ngati akhala akuchidziwa kuyambira kale. Mayi uja anachiyang'ana, anandiyang'ana ine.

"Mwavutika masiku onsewa chifukwa cha ichi? Panalibe china?"

"Chinalipo chabwino. Tsukani chomwechi."

"Felemu yake ndi yaikulu bwanji?"

Apa ndiye ndinalakwitsanso. Felemu ija ndinangoiona ili m'pepala, sindinaiyeze. Ndinamuonetsa ndi manja kuti ndi chonchi. Anandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndinati mayi, ine ndi amene ndinapenta khomalo. Makina analira, chithunzi chinatuluka pang'onopang'ono, chofunda. Ndinachiika mu envelopu yaikulu n'kuchikhazika pampando wakutsogolo, mpaka ndinachimangira lamba.

Kumapeto a sabata tinakumana tonse kwa apongozi, masana dzuwa likulowa pazenera la pabalaza. Fungo la penti linali lisanathe. Ife tinafika koyamba, chifukwa ndinawadzutsa anthu m'mamawa ngati tikupita kukakwera basi. Alamu anga ndi Tayi anafika tiyi ali kale patebulo. Ndinapereka envelopu ndi manja awiri.

Apongozi anavala magalasi, anasolola chithunzi, anachitengera kuwala. Anayamba kumapeto kwa Tayi, kuyenda ndi chala nkhope ndi nkhope. Pa Nesi anaima n'kumwetulira. Atafika kumapeto kwanga chala chinaima.

"Dzanja ili ndi langa?"

"Ndi lanu, amayi."

"Hmm. Jekete yanu ndi ya nsalu yolimba."

Anavula felemu m'pepala lake, anaitembenuza, anatsegula kumbuyo n'kuikapo chithunzi. Sichinalowe. M'litali chinali bwino, koma m'mbali chinatsala panja chigawo chonga chikhatho cha mwana. Anayesa kuchisunthira uku, chinatulukira uko.

"Ndiye chakana," anatero alamu anga, akutsegula zipi ya chikwama. "Mwamwayi ife tabwera nacho chija, ndipo tinachita kuyeza."

"Nesi," anatero apongozi osadzutsa mutu, "kanditengere sizasi m'dirowa ya makina osokera."

Ine ndinayang'ana chithunzi chili patebulo. Kumapeto kuno munthu wa tayi, wowongoka, waulemu. Kumapeto uko munthu wopendekeka, kukamwa kuli pululu. Ngakhale ine mwini, atandipatsa sizasi n'kundiuza kuti dula chimene chikuwononga chithunzi, ndikanadziwa poyambira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndikatsukitsa china chaching'ono, akazi anga anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Sizasi inabwera. Apongozi anaika galasi la felemu pamwamba pa chithunzi, analisunthira uku ndi uku, analemba mzere ndi chikhadabo. Sindinaone kuti alemba mbali iti, chifukwa mkono wawo unatchinga. Ndinayang'ana pansi. Ndinangomva kulira kwa sizasi, kamodzi, mosakayika, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kachidutswa kanagwera pa kapeti pafupi ndi phazi langa, chafufumimba.

Tayi ndi amene anawerama n'kukatola. Anakatembenuza, anakayang'ana, n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni kumene sindinamumvepo, mpaka anamasula tayi.

"Amayi!" anatero alamu anga. "Mwadula amuna anga."

"Awo ndi ophunzira," anatero apongozi, akutseka kumbuyo kwa felemu. "Amvetsa."

"Ndamvetsa, amayi," anatero Tayi, akudziika yekha m'thumba la malaya.

Nesi anagwa pampando ndi phwete. Akazi anga anabisa nkhope m'mpango. Alamu anga anayesa kukwiya, koma pamene amuna awo anawaonetsa kachidutswa kaja n'kunena kuti tsopano aziyenda nawo m'chikwama kulikonse, nawonso anagonja.

Ine ndinali wokondwa moti ndinkachita mantha kuti ndikatsegula pakamwa ndichititsa manyazi banja lonse. Apongozi anandipatsa felemu n'kuloza msomali ndi chibwano. Ndinapachika, koma chinakhala chopendekeka. Ndinabwerera m'mbuyo n'kukhala pampando osachikonza.

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono, anapita pakhomapo, anachiwongola ndi chala chimodzi. Kenako anapumira mpweya pagalasi n'kuyamba kulipukuta ndi ngodya ya mpango wawo, ndipo anayambira mbali yanga.